Wadi Asadziwe

1

Dzina langa ndine Asiatu, kwathu ndi ku Lungwena, ndipo ntchito yanga ndi yomvetsera zinsinsi za anthu. Musathamangire kundiweruza, ndi ntchito yolembedwa ndipo mwezi ukatha ndimalandira. Nkhani imene ndikuululayi ndinachita kupempha chilolezo kwa mwini wake. Anandiyendetsa mpaka kutopa, kenako anati, "Kalembe, koma usandinenepetse." Mwini wakeyo ndi ndani, mumva kutsogoloku.

Ntchitoyo imayenda chonchi. Madokotala ena a zipatala zolipira alibe nthawi yolemba, ndipo amene ali nayo nthawiyo zolemba zawo zimakhala ngati papalasa nkhuku. Ndiye akamuona wodwala amangoyankhula pa foni zonse zimene apeza, mawuwo n'kujambulika. Mawu ojambulidwawo amapita ku kakampani kena ka ku Blantyre, komwe amatigawira ife. Ine ndimavala mahedifoni, kumvetsera, n'kumataipa pa laputopu mpaka lipoti la wodwalayo litatuluka laukhondo. Pansi pa tebulo pamakhala chopondera ngati cha makina osokera. Ukaponda dokotala amayankhula, ukachotsa phazi amakhala chete, ukaponda chakumanzere amabwereza. Ndiuzeni ntchito ina imene mwana wamkazi wa ku Lungwena angamukhalitse chete dokotala ndi phazi.

Anatiphunzitsa ntchitoyi ndi Mayi Matilda, mzimayi wamfupi amene akakuyang'ana umakumbukira machimo ako onse. Atatha kutiloweza mayina a Chingerezi a matenda, ena otalika ngati msewu wa ku Makanjira, anatipatsa malamulo awiri. Loyamba, mahedifoni asachoke m'makutu. Lachiwiri, chimene chalowera m'khutu chizitulukira m'zala basi, pakamwa ayi.

"Ngakhale amuna anu akufunseni kuti lero wamva zotani," anatero, "muziwayankha kuti lero kunatentha."

Amuna angawo ndi a Wadi. Titangomanga ukwati wathu wa nikaha sitinakhalitse, iwo anakwera basi ya ku Joni monga achitira anyamata ambiri a kuno, ndipo chaka chinatha n'kupitirira asanabwereko. Anandisiya m'kanyumba kathu ka malata kuseri kwa nyumba ya makolo awo, m'tauni ya Mangochi. Pakhomopo panali abambo awo, Che Shafi, eni boti la injini, munthu amene mawu amachita kuwaumira. Panali mlamu wanga Ajira, mtsikana amene foni inamumera m'dzanja, ndipo mnyamata wina wa kabaza ankakonda kuphulikitsa tayala pafupi ndi geti lathu. Ndiye panali apongozi anga aakazi, Abiti Selemani.

Abiti Selemani si munthu wamba. Mtsikana aliyense wa dera lathu akamakalowa m'banja amayamba wakhala pamphasa pawo kulandira malangizo. Akamadutsa mu msewu atavala hijabu yawo yoyera, ngakhale oledzera amayesetsa kuyenda mowongoka. Ntchito yanga sankaiwerengera. Tsiku lina anasuzumira pakhomo, anaona phazi langa likuponda, ndipo anati, "Telala wanji wosoka popanda nsalu?" Iwo ankangodziwa kuti ndimataipira anthu a ku Blantyre. Sindinawauzepo kuti mwa zipatala zimene ndimalembera muli china cha m'tauni mwathu momwemu, chifukwa zimenezonso zinali mbali ya lamulo lachiwiri lija.

2

Tsoka linayamba ndi Ajira. Anabwereka mahedifoni anga kuti azimvera nyimbo akuchapa, ndipo anandibwezera akudontha madzi a sopo.

"Alamu, angodumphira okha m'beseni," anatero.

Ndinakagula ena pamsika, a mtengo wozizira. Anayankhula khutu limodzi tsiku loyamba, mawa lake n'kumwalira. Abwino ndinaitanitsa ku Blantyre, koma ntchito sinkadikira minibasi.

Apa ndi pomwe ndikuvomera kulakwa kwanga. Masana ena a mu Novembala ndinakhoma chitseko n'kutsegula sipika ya laputopu. Poyamba ndinatseka ndi windo lomwe, koma inu amene munakhalapo m'nyumba ya malata pa Mangochi mwezi umenewu mukudziwa kuti munthu ukhoza kupsa osatembenuzidwa. Ndinalitsegula pang'ono. Pang'ono chabe.

Mawu a tsikulo anali a Dokotala Simioni, a chipatala cha m'tauni chija. Nkhope yawo sindinkaidziwa, koma mawu awo ndikanawazindikira ngakhale pakati pa msika. Asanayambe amakonza kukhosi ngati injini ya boti yokana kulira. Chingerezi amachisakaniza ndi Chichewa, makamaka akamabwereza zimene wodwala wanena, ndipo lipoti lililonse amalitseka ndi mawu amodzimodzi akuti, "Thupi silinama." Mawu amenewo sindiwataipa, koma ndimawadikira.

Ndinaponda. Anatchula dzina la wodwala ndi komwe amakhala. Phazi langa linachoka lokha pachopondera. Ndinabweza n'kumvetseranso, poganiza kuti kutentha kwandizunguza mutu. Linali dzina lomwelo. Dzinalo ndikusungirani kaye.

Ndinapondanso.

"Hrrm, hrrm. Mimbayi ndi ya miyezi inayi," anatero mawu okhuthala aja, kudzaza chipinda changa chonse. "Kunyumba asadziwe. Chonde, chonde, makamaka Wadi asadziwe."

Kenako anabwerera ku Chingerezi. Anati magazi a wodwalayo akuthamanga kwambiri, ampatsa mankhwala, ndipo ayenera kubweranso kusikelo Lachisanu la sabata yomweyo osalephera. Koma ine makutu anga anali atakodwa pa dzina la amuna anga. Ndinaponda chakumanzere. "Wadi asadziwe." Ndinapondanso. "Wadi asadziwe." Ndinagwira m'mutu n'kukuwa ngati ndili ndekha padziko lapansi.

"Mayo ine! Pakhomo pano pagwa nkhani!"

Nthawi yomweyo ndinamva patapata akuthamanga kuchokera pansi pa windo langa kulowera ku nyumba yaikulu. Anali Ajira. Anabwera kudzausa pamthunzi wa khoma langa poti ndi pomwe netiweki imagwira bwino. Dzina la wodwala sanalimve. Anafika nthawi yabwino yongomva mwamuna akuyankhula m'chipinda cha mlamu wake, chitseko chili chokhoma.

3

Dzuwa lisanalowe, moni wanga anali atasiya kuyankhidwa pakhomopo. Amayi oyandikana nafe, amene tsiku lililonse amandipempha moto, tsiku limenelo anabwera kudzangondiyang'ana pamimba n'kubwerera opanda khala. Kenako foni inalira. Anali a Wadi, pa vidiyo.

"Asiatu, m'nyumba mwanga mukumalowa ndani?"

"Mukumalowa ine ndi mphemvu."

"Usandiseke ine. Imirira ndikuone bwinobwino. Tembenukira kumbali."

Ndinaimirira, ndinatembenuka, kupusa kwanga. Apa ndiyenera kunena chilungamo. Ntchito yathuyi ndi yokhala pansi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chiwalo chogwira ntchito yolimba ndi phazi limodzi. Ndiye pali amayi ena ogulitsa zitumbuwa amene anazindikira nthawi imene njala imandipeza. Mkazi amene a Wadi anamusiya ali ngati bango sanalinso yemweyo.

"Ndinadziwa ine," anatero. "Chithunzi chako cha pa Idi ndachiyerekeza ndi cha sabata yatha. Ndachikulitsa ndi zala. Anzanga onse ogona nawo chipinda chino aona, ndipo agwirizana."

"Mwaonetsa mimba yanga kwa anzanu?"

"Ehe! Wavomera wekha kuti ndi mimba!"

"Mimba yodyera, a Wadi! Aliyense ali nayo, ndi inu nomwe!"

Ndinawafotokozera kuti mwamuna amene Ajira anamumva ali mu laputopu, ndi dokotala, ndipo zimene ankanenazo ndi za wodwala wake. Ndinaona kuti akufuna kundikhulupirira.

"Chabwino. Ngati ndi ntchito, tsegula ndimve ndekha kuyambira poyambirira."

"Sindingathe."

"Chifukwa?"

"Ndi chinsinsi cha wodwala."

"Chinsinsi chokhala ndi dzina langa m'kati, ine mwini dzina osaloledwa kumva? Asiatu, ine kuno ndikugona pansi ngati thumba la makala kuti iwe ukhale m'nyumba ya malata. Ndauza amayi aitanitse ankhoswe Loweruka. Ukakatsegule makinawo pamaso pa onse. Ukakana, ndikupatsa talaka pa foni pomwepo, banja lithe."

Anadula. Ndakhala ndikuseka pofotokoza nkhaniyi, koma pamenepa ndinalira. A Wadi ndimawakonda. Ndi iwo amene anagulitsa njinga yawo kuti ndikaphunzire ntchito imeneyi, achibale awo akuti mkazi wophunzira amavuta. Tsopano ntchito yomweyo inali itandiika pakati. Ndikatsegula mawu aja ndiye kuti ntchito yatha ndipo munthu wina ndamuvula pagulu. Ndikapanda kutsegula ndiye kuti banja latha, ndibwerere ku Lungwena ndi mbiri ya mimba ya zitumbuwa.

4

M'mawa mwake ndinaimbira Mayi Matilda n'kuwauza zonse, ndi za sipika zomwe. Anandikalipira mpaka foni inatentha.

"Ndinakuuzani chiyani za mahedifoni?"

"Asachoke m'makutu."

"Ndiye anachoka bwanji?"

"Anagwera m'beseni."

"Iwenso ukanagwera momwemo. Tamvera, Asiatu. Za chilango chako tikambirana. Koma mawu amenewo sutsegulira munthu aliyense, ngakhale kutsokomola kwake kokha. Kaya abwera ankhoswe, kaya abwera asilikali."

"Banja langa likutha, mayi."

Anapumira m'mwamba. Anati ayesa kuwauza adokotalawo kuti mwina angandiikire umboni woti ndimawalembera, koma ndisadalire, poti ndi munthu wotanganidwa ndipo foni yake yomwe amaiwala komwe waisiya.

Ndinaganiza zoyesa njira ina. Ndinavala chitenje chabwino n'kupita ku nyumba yaikulu. Apongozi ndinawapeza pakhonde akudya mango aawisi othira mchere. Masiku amenewo anali atasiya kupita kudoko kukalandira usipa wa boti la Che Shafi, ankati fungo la nsomba lafika powakwana. Ndinagwada patali.

"Amayi, ndimafuna tiyankhule awiriwiri."

"Awiriwiri? Kuti mawa ukanene kuti ndinakukhululukira kuseri? Ajira! Bwera kuno ukhale mboni."

Ajira anabwera akuthamanga, n'kukhala pafupi ndi mayi ake, maso ali gwa pa ine. Ndinawayang'ana awiriwo, mayi ndi mwana wake, ndipo mawu onse amene ndinakonza anandithawa. Zimene ndinabwera nazo sizikananenedwa pali anthu atatu.

"Yankhula," anatero apongozi. "Ine ndimalangiza ana a eni ake dera lonse lino. Lero anthu azindiloza kuti ng'anga yalephera kuchiza m'nyumba mwake? Ndinkadikira mdzukulu, inde, koma osati wobwera pawindo."

"Amayi, ine ndilibe pakati."

"Nanga kunenepaku?"

"Mkazi wobisa mimba ndi mfiti," analowererapo Ajira. "Si choncho amayi?"

Bango linawatsamwa apongozi. Anatsokomola mpaka misozi, Ajira akuwamenya pamsana. Atapeza mpweya anamukankha dzanja.

"Iwe usamalowerere nkhani za akuluakulu. Ndipo iwe Asiatu, nyamuka. Tikakumana Loweruka."

Ndinabwerera kunyumba kwanga ndi nkhawa ziwiri. Ina inali ya banja langa. Inayo inali ya tsiku la sikelo lija, limene ndinkaliona likuyandikira, n'kufika, n'kudutsa, wodwalayo osatuluka pageti.

5

Loweruka linafika. Amjomba anga Che Bwanali, alongo awo a mayi anga amenenso ndi ankhoswe anga, anapalasa njinga kuchokera ku Lungwena ndipo anafika thukuta lili kamukamu. Kumbali ya a Wadi kunabwera achimwene awo a apongozi. Tinakhala pakhonde, amuna pamipando, akazi pamphasa. A Wadi anawakhazika patebulo, foni itatsamira fulasiki ya tiyi. Kuseri kwa mpanda kunali anthu oyandikana nafe, amene mwadzidzidzi onse anali ndi zovala zoyanika.

Ajira anapereka umboni ataimirira. Mwanayo sukulu inamukanika, koma zisudzo akanapita nazo patali. Anakhuthalitsa mawu, anakonza kukhosi, n'kunena, "Mimbayi ndi ya miyezi inayi. Wadi asadziwe, Wadi asadziwe, Wadi asadziwe." Kenako anagwira m'mutu kunditsanzira ine. "Mayo ine, pakhomo pano pagwa nkhani!"

"Mwamunayo unamuona?" anafunsa amjomba.

"Ayi, koma mawu ake ndi a munthu wamkulu thupi. Wandevu."

Amjomba anatembenukira kwa ine. Ndinafotokozanso za ntchito yanga, za chopondera, za madokotala. Ndinati ngati akufuna tipite kuchipatala chilichonse akandiyeze.

"Akakuyeze anzako omwewo?" anatero apongozi. "Munthu wodziwana ndi madokotala angalephere kukonzetsa pepala?"

"Mwana wanga," anatero amjomba motsitsa mawu, "ine za makinazi sindizidziwa. Koma ngati munthuyo ali m'katimo, mutulutse tim'mve, tizipita. Ukutiumitsa pakamwa ife abale ako."

"Amjomba, sindingathe. Ndinalonjeza."

Pakhonde panamveka kung'ung'udza. Kuseri kwa mpanda wina anaomba m'manja kamodzi. A Wadi anayandikitsa nkhope pa foni mpaka tinangoona mphuno ndi diso limodzi.

"Asiatu, ndikukufunsa komaliza. Utsegula kapena sutsegula?"

Ndinayang'ana laputopu imene anandikakamiza kubwera nayo, ili pamiyendo panga. Kungoponya chala kamodzi, banja langa likanapulumuka. Ndinaika manja onse awiri pamwamba pake.

"Sinditsegula."

"Ndiye mboni zonse zimve. Ine Wadi..."

Foni yanga inalira. Nambala yachilendo. Achimwene awo a apongozi anailoza ndi chala.

"Ameneyo ndi iyeyo. Ika pa sipika!"

Ndinaika pa sipika, poti panalibenso chotaya. Chinayamba kumveka ndi injini ya boti yokana kulira.

"Hrrm, hrrm."

"Ndi yemweyo!" anakuwa Ajira akudumpha. "Walahi ndi yemweyo! Ndinanena ine kuti ndi wandevu!"

6

"Moni kumeneko, kapena asalamu aleikumu, sindikudziwa kuti ndikuyankhula ndi ndani," anatero mawu aja. "Ndine Dokotala Simioni. Andiuza Mayi Matilda kuti ndikuthetsa banja la munthu. Zaka zonsezi ndachotsa zotupa, ndachotsa minga ya nsomba pakhosi, koma mkazi pabanja sindinachotsepo. Mayi Asiatuwo sindinawaonepo, tikhoza kuphonyana pa mlatho osapatsana moni. Ntchito yawo ndi kulemba zimene ine ndabwebweta, ndipo amalemba bwino kuposa mmene ndimayankhulira."

"Nanga mimbayo?" anafunsa amjomba, atawerama ngati akuyankhula ndi munthu wa m'chitsime.

"Mimbayo ndi ya wodwala wanga. Dzina lake simulimva kwa ine ngakhale mubwere ndi apolisi."

"Nanga dzina langa linalowamo bwanji?" anakuwa a Wadi kuchokera pa fulasiki.

"Achimwene, Wadi alipo mmodzi m'Mangochi muno? Ndisiyeni ndikaone odwala. Koma poti mwasonkhana, nditayepo mawu amene ndimauza aliyense. Amene wauzidwa kuti abwere kusikelo azibwera. Manyazi satsitsa magazi. Thupi silinama."

Anadula. Chimene chinamveka pambuyo pake ndi kapu ya tiyi ikugwa pasimenti. Inali ya apongozi. Anali akuyang'ana foni yanga, kenako laputopu, kenako ine, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti telala wosoka popanda nsalu uja amuzindikira tsopano.

"Mlandu watha," anatero mofulumira. "Mwanayu alibe chifukwa. Aliyense azipita kwawo."

Zikanathera pomwepo, koma amjomba anga si munthu wopalasa njinga ulendo wonsewo n'kubwerera ndi theka la nkhani.

"Pepani amayi, mlandu sutha chonchi. Mwana wathu mwamuipitsira mbiri mpaka ku Joni. Tiyeni tiwerenge bwinobwino. Mboni yanu yomweyi yati Asiatu anakuwa kuti pakhomo pano pagwa nkhani. Ndiye kuti mimbayo ili pakhomo pano. Akazi a pakhomo pano ndi atatu. Wathuyu adokotala amuyeretsa. Inu amayi ndinu akuluakulu, sitingakuganizireni zoterozo, Mulungu atikhululukire. Watsala ndani?"

Mitu yonse inatembenukira kwa Ajira. Ngakhale diso la a Wadi pa foni lija linatembenuka.

"Ine?" anatero Ajira. "Ine ndine mboni!"

"Mnyamata wa kabaza uja," anatero Che Shafi. Anali mawu awo oyamba tsiku limenelo, ndipo anawanena akuvula nsapato.

"Foni ndinakutumizira kuti uziwerengera mayeso!" anakuwa a Wadi. "Ndiye chifukwa chake ndisadziwe ine!"

Ajira anagwa pamphasa n'kundigwira miyendo, misozi ili chuchuchu. Zisudzo zonse zija zinali zitatha, anali kamwana kamantha basi.

"Alamu, inu mukudziwa dzinalo. Auzeni kuti si ine! Chonde alamu, ndidzakugulirani mahedifoni!"

Palibe nthawi imene lamulo la Mayi Matilda linandilemera ngati imeneyo. Kunena kuti si Ajira kunali chimodzimodzi kutchula dzina, poti amjomba anali atawerenga kale mpaka atatu. Ndinaweramitsa mutu n'kuluma mlomo. Che Shafi anaimirira, nsapato ili m'manja.

"Musiyeni mwanayo."

Anali apongozi. Mawu awo anali aang'ono, osati a pamphasa ya malangizo aja.

"Musiyeni. Mimbayo ndi yanga."

Kunagwa bata loti ngakhale oyanika zovala kuseri kwa mpanda anasiya kupuma. Amjomba anayang'ana kumwamba ngati akufuna njira yotulukira padenga. A Wadi anauma pa foni kukamwa kuli yasa. Tonse tinkaganiza kuti netiweki yathawa, mpaka tinawaona akuphethira.

Che Shafi anakhala pansi pang'onopang'ono. Anaika nsapato pansi, anatambasula dzanja, n'kuyamba kupinda zala chobwerera m'mbuyo, milomo ikuyenda. Atafika pa chala chachinayi nkhope yawo inawala.

"Mwera," anatero. "Ndi nthawi ya mwera ija. Boti linakhala pamtunda, ine osapita kunyanja." Anakonza kofia yawo n'kuyang'ana amuna anzawo mmodzimmodzi. "Alihamudulila. Ndiye anthu azinena kuti injini yakale."

"Khalani chete inu, mulibe manyazi!" anatero apongozi, n'kudziphimba kumaso ndi hijabu. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anthu ena ankaseka, koma ine ndinali pafupi ndipo ndinamva kuti akulira. Ndinasendera n'kuwanong'oneza.

"Amayi, tsiku lija ladutsa. Lolemba ndikuperekezani."

Anangotulutsa dzanja pansi pa hijabu n'kugwira langa.

7

Lolemba tinapita wapansi, poti anati kabaza sakufunanso kumuona. Titayenda kamtunda ndithu, apongozi anatembenukira kwa ine.

"Unkadziwa nthawi yonseyi?" anafunsa.

"Eya, amayi."

"Ine ndikukunyoza pakhonde paja, iwe ukudziwa?"

"Eya."

"Ndinathawa chipatala chachikulu poopa kukumana ndi atsikana amene ndinawalangiza ndekha, tili pamzere umodzi wa sikelo. Ndinati ndipite kolipira, kopanda ondidziwa. Osadziwa kuti mawu anga afika kunyumba ine ndisanafike." Anapukusa mutu. "Ajira atabwera ndi nkhani ija, ndinamva mawu anga enieni akutuluka m'kamwa mwake. Ndinati ndi Shetani akundiseka. Ndiye ndinakuwa kwambiri kuti anthu aziyang'ana mimba yako, asayang'ane yanga. Mwana wanga wamkulu ndevu zili pepeya, mkazi wake asanabereke, ine ndi amene ndikatenge pakati? Nanga bwanji sunanene, banja lako likutha?"

"Sinali nkhani yanga, amayi."

Anaima pakati pa msewu n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati ndichepetse zitumbuwa.

Adokotala ndinawaona koyamba tsiku limenelo. Ndi kamunthu kochepa thupi, kopanda ndi ndevu imodzi yomwe. Anati tikanachedwanso zinthu zikanaipa, ndipo kuyambira pamenepo mankhwala a apongozi ndinkawakumbutsa ndine. Mayi Matilda anandiimitsa ntchito kwa kanthawi chifukwa cha sipika ija, ndipo ndikumva kuti mpaka lero ophunzira atsopano amawauza za mtsikana wa ku Mangochi amene anatsegula windo. A Wadi anapepesa ndi mahedifoni aakulu ngati a woyendetsa ndege, kenako anabwera okha mwana atabadwa. Tsiku limene anamunyamula kupita naye pamsika, anthu ankawagwira chanza kuti mwachita bwino, mwana wafanana nanu. Anatopa n'kufotokoza kuti ndi mchemwali wawo, mpaka anangoyamba kuyankha kuti zikomo.

Mwanayo ndi wamkazi, dzina lake la pa mwambo ndi Farida. Koma dera lonse, ndi bambo ake omwe, amamutchula kuti Asadziwe.

Inu owerenga, makamaka atsikana amene mumandifunsa za ntchito imeneyi, kutaipa mofulumira mudzaphunzira, mayina a matenda mudzaloweza. Chovuta ndi kukhala ndi nkhani ya munthu m'mutu, munthuyo akukutukwana, iwe n'kumuyankha kuti lero kunatentha. Ine ndinalakwa potsegula windo ndipo ndinatsala pang'ono kulipira ndi banja. Koma ndikanatsegulanso pakamwa, bwenzi lero ndili ndi mwamuna, ndilibe amayi. Ndipo inu okonda kuusa pansi pa mawindo a anzanu, muzifika nkhani ikuyamba, kapena osafika n'komwe.

Masiku ano ndikakhoma chitseko kuti ndiyambe ntchito, Abiti Selemani amabwera ndi mphasa yawo n'kuyala pansi pa windo langa, Asadziwe ali kumsana. Munthu akangoyandikira, kaya ndi Ajira kufuna netiweki, kaya ndi a Wadi amene, kaya ndi amayi a zitumbuwa aja, amamubweza ndi dzanja.

"Pitani uko," amatero. "Mwana wanga akusoka."